Kuthengo Kulibe Tebulo

Madala a nyumba yapakona ndi mlenje wakalekale, ndipo sakhulupirira aliyense. Ngakhale mfuti yawo yomwe amaipukuta akuiyang'ana cham'mbali ngati inawanamizapo. Mawu awo ndi amodzimodzi: "Pachifuwa pa mbawala ndi potambalala ngati mbale. Lasa pamenepo ndi chipolopolo choyamba, apo ayi nyama ikavutika ndi bala kutali."

Tsiku lina mkamwini wawo, katswiri pamipikisano yowombera chandamale, anabwera ndi pepala la mabowo asanu othithikana, kudzapempha kuti amutenge kosaka. Madala analinunkhiza pepalalo.

"Si msomali uwu?"

"Ayi bambo, ndi mfuti. Ndinaitsamiritsa patebulo."

"Kuthengo kuli tebulo?"

Anakoleka mbale yachitsulo pamtengo, n'kumuuza kuti athamange kuzungulira munda kawiri, kenako awombere ali chiimire, kamodzi kokha. Mkamwini anafika ali wefuwefu, n'kuwombera. Mbale inalira kuti ngwee!

Madala anaipembenuza mbaleyo, n'kulowetsa chala pabowo.

"Mawa tipita," anatero monyinyirika. "Koma muyambe mwawomberanso ina. Iyi mwina munapangana nayo."