Galimoto Imene Idali Pamadzi

Chaka chimene alamu anga adagwirizana zomanga chiliza pamanda a malemu mkazi wanga ku Ntcheu ndi chomwecho chimene mwana wanga wamkazi adaika mtima pa galimoto yamagetsi. Sindikumunena. Mafuta adali atasowa mumzinda muno, ndipo iye, amene amakhala ku Area 25 nagwira ntchito m'tauni, ankafota pamzere wa petulo ngati munthu wodikirira matenda kuchipatala. Galimoto yake idali yakale, yovuta kudzuka m'mawa, koma ndiyo idali miyendo ya banja lonse. Ine ndimakhala ku Kawale, ndipo mawondo anga adakana kalekale kupindika m'minibasi. Popanda galimoto imeneyo sindikadafika kumudzi. Tsiku lovundukula chilizacho adaliika eni mbumba, kuti likhale anthu akatha kukolola, ndipo mkamwini, ngakhale wa imvi, sasuntha tsiku limene aika eni mudzi.

Loweruka lina adandipeza ndili pakhonde.

"Ababa, valani jekete mundiperekeze. Ndikufuna mukaione ndi maso anu, musadzati sindidakuuzeni."

Tili m'njira adandifotokozera kuti galimoto zimenezi zili mitundu iwiri. Ina ili ndi batire laling'ono, longoyendera m'tauni. Ina ili ndi batire lalikulu, loti munthu akalitchaja kunyumba atha kupita ku Ntcheu ndi kubwerako osapempha moto kwa wina aliyense. Iye ankafuna yachiwiriyi.

"Nanga magetsi akathima, monga achitira masiku onse?" ndidatero.

"Amathima koma amabweranso, ababa. Petulo ndiye akapita wapitiratu."

Pamenepo adandigonjetsa.

Malo ogulitsirawo adali cha ku Biwi, kumene kuli magalaja ambiri, mkati mwa mpanda wa njerwa. Adatilandira mwamuna wa malaya osita bwino, wonunkhira mafuta, mafoni awiri m'manja. Adandipatsa mpando ndisadapemphe, nandifunsa za msana wanga ngati tidakulira limodzi. Ulemu wofulumira chotero ine umandidzutsa khutu. Pakati pa galimoto zina zonse za petulo padaima imodzi yoyera, yamagetsi. Adailiza, kapena ndinene kuti adaiyatsa, pakuti sidalire. Idangosuntha chete, ngati mlendo wolowa pakhomo popanda odi. Adatsegula kutsogolo kuti ndione injini, koma sindidapezemo kanthu kamene ndikadazindikira, ngakhale fungo.

"Ndiye imeneyi?" ndidafunsa.

"Ayi madala, uyu ndi mng'ono wake, wa batire laling'ono. Yeniyeniyo, imene akufuna asisiwa, ili pamadzi."

"Pamadzi ati?"

"M'sitima, madala. Ikubwera. Ikangofika padoko ndi nkhani ya masabata basi."

Adandionetsa chithunzi pafoni: galimoto yobiriwira itaima pamsewu wosalala wa dziko lina, kumbuyo kwake mapiri a chipale. Ndidati ndi yokongola, ndipo sindidaname. Koma chithunzi sichikwera chitunda cha ku Dedza.

Nditafunsa za mtengo, adayamba wayang'ana foni yachiwiri ija asadayankhe, ngati munthu wofunsira kwa wina amene ife sitikumuona.

"Wa lero ndi uwu. Wa mawa sindingalonjeze, umayendera dola."

"Msonkho wa pachipata uli momwemo?"

"Zimenezo ndi zing'onozing'ono, tidzakambirana."

Ine ndidakula mitengo ikulembedwa pa chinthu, nikhala pomwepo mpaka inki itafufutika. Mtengo wosagona malo amodzi, wokhala ndi ana ake obisika kumbuyo, ndidauona ngati mtsinje umene munthu auyesa ndi ndodo ndodo n'kumira. Komabe zonsezi zikadapita, pakuti chuma chidali cha mwana wanga, chothukutira yekha. Chimene chidandiimitsa mtima chidadza pambuyo. Mkuluyo adati galimoto za batire lalikulu zimabwera zowerengeka, ozifuna ndi ambiri, ena mabwana a m'maofesi, kotero wofuna yake ayenera kuigwiriratu ndi chikole. Ndipo popeza zimene mwana wanga adali nazo m'manja zidali zosakwana, iye adali wokonzeka kumuchitira chifundo: atenge galimoto yakale ija tsiku lomwelo ngati chikole, zotsalazo adzamalize yatsopano ikafika.

Ndidaona mwana wanga akupisa m'chikwama kufuna makiyi.

Bambo anga adali Mngoni wa ng'ombe zake, ndipo ndidawaonapo kangapo akusinthana ng'ombe ndi anzawo. Zonse ziwiri zinkaima pabwalo limodzi. Aliyense ankazungulira ya mnzake, kuiyang'ana mano, kuinyamula ziboda, kuiyendetsa pang'ono. Akakhutira, zingwe zinkadutsana m'manja nthawi imodzi, mboni zikupenya. Sindidamvepo munthu atapereka chingwe chake chifukwa chouzidwa kuti inayo ili kudambo ikudya, ibwera madzulo. Ndidamufotokozera mkuluyo mwambo umenewu mofatsa, ndipo ndidamaliza ndi kuti makiyi nawonso adzadutsane tsiku limodzi, pamalo amodzi.

Adaseka mokoma ndithu.

"Madala, izi si ng'ombe. Dziko lonse likugula chonchi."

"Nanga ikachedwa?"

"Siingachedwe."

"Sitimayo mukupalasa ndinu?"

"Aa, koma madalawa!" adatero akutembenukira kwa mwana wanga. "Asisi, mwabwera ndi loya."

Ndidamuuza za chiliza, kuti ndiyenera kukaima pamanda a mkazi wanga anthu akatha kukolola, ndipo ndidafunsa ngati angadzatibwereke yoyera ija zinthu zikavuta. Adati imeneyo idagulidwa kale, mwini wake angochedwa kudzatenga. Adawonjeza yekha, mwina mosaganiza, kuti ngakhale ikadakhalapo sikadatibweza kuchokera ku Ntcheu, pakuti kumudzi kulibe potchajira. Choncho pabwalo lonselo padalibe chimene chikadandifikitsa kumanda, kupatula chokhacho chimene iye ankafuna kutilanda.

Titatuluka kunja kwa mpanda, mwana wanga adandithira mawu.

"Ababa, mwandichititsa manyazi. Munthu uja si wakuba. Mnzanga wa kuntchito adagula kwa yemweyu, ndipo galimoto adalandira."

"Patapita nthawi yotani?"

"Idachedwako pang'ono."

"Pang'ono pake ndi potani, mayi?"

Ndidamuuza kuti galimoto ndi yake ndipo ine ndilibe chonena pa iyo, koma ndikupempha monga wopempha: aisunge kufikira chiliza cha amayi ake chitavundukulidwa. Zikadzatha zimenezo, adzapereke ngakhale ndi matayala omwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndidatero, wa pachala ngwa mphepo. Adavomera ndi mutu wokha, milomo atamanga.

M'masabata otsatira mkulu uja sadatope kuimba. Lero mtengo wakwera. Mawa kwatsala malo amodzi. Kenaka mwana wanga adandiimbira, mawu ake ali afupiafupi.

"Yapita, ababa. Wina wapereka chikole. Mwasangalala?"

Sindidasangalale. Koma ndidadabwa mumtima momwe chinthu chimene sichidafike chingapitire, ndipo ndidadziletsa kufunsa.

Tsiku la ulendo litayandikira, petulo adasoweratu. Mwana wanga adasiya ntchito kukaima pamzere, nabwerako chimanjamanja, mpaka adakagula wa m'zigubu ku Mchesi pa mtengo wopweteka, osadziwa n'komwe ngati sadamuthire zina. Sadandidandaulire, ndipo kusadandaulako ndiko kudandipweteka. Tidanyamuka m'mawa, ine kutsogolo, kumbuyo zidzukulu ndi katundu. Pa chitunda cha ku Dedza galimoto idatentha nitulutsa nthunzi. Tidaima, tidaithira madzi, idavomera. Tidafika anthu a mpingo atayamba kale kusonkhana.

Ndidaima pamutu pa manda, mlamu wanga wamkulu mbali inayo, ndipo tidakoka nsalu pamodzi. Ndidawerenga dzina la mkazi wanga pamwala, ndi vesi limene ankalikonda, ndipo amayi a chigwirizano adayamba nyimbo. Mwana wanga adandigwira mkono akulira. Pa ola limenelo ndidadziwa kuti ndikadakhala ku Kawale ndikudikira sitima, sindikadadzikhululukira mpaka tsiku londiika ine.

Pobwerera, titadutsa Linthipe, galimoto ina idatipitirira popanda phokoso lililonse. Idali yobiriwira.

"Ndi imeneyo," adatero mwana wanga.

"Wadziwa bwanji? Zofanana zilipo zambiri."

"Si zambiri, ababa. Vuto lake ndi lomwelo."

Mwina idalidi yomweyo, ndipo mkulu wa ku Biwi ndi munthu woona amene ine ndidamudetsa chabe. Mwina idachokera kwa wogulitsa wina. Nambala yake sindidaione, ndipo ngakhale ndikadaiona sikadandiuza kanthu. Tidayenda kufikira pakhomo panga. Nditatsika, ndikufunafuna ndodo yanga, adandiitana pawindo.

"Ababa, chiliza chatha. Makiyi tsopano ndi anga, eti?"

"Ndi ako, mayi."

Sabata yomweyo adakapereka galimoto yakale ija kwa mkulu yemwe uja, kugwirira ina imene akuti idali itangokwera sitima, pa mtengo woposa woyamba uja. Sadandiuze kuti ndimuperekeze, ndipo ine ndidamva atachita kale.

Pamene ndikulemba izi, mvula yoyamba yagwa ndipo misewu ya ku Kawale yasanduka matope. Mwana wanga amabwera kudzandiona Lamulungu lililonse pa njinga yamoto ya kabaza, chitenje atakulunga m'miyendo, nsapato zili m'manja. Ine sindifunsa. Dzulo, akupukuta matope pakhonde, adayamba yekha.

"Akuti yafika padoko."

"Doko liti?"

"Ababa!"

Ndidamupempha kuti alowe m'nyumba, pakuti mitambo idali itayambanso kuda cha ku Chilinde.