Dzanja la Amayi pa Beseni la Mandasi

Amayi anga anathyola tiyi ku esiteti zaka zambiri. Msana utayamba kukana dengu, anayamba kukazinga mandasi n'kumagulitsa pamsika wa Limbuli. Mandasi awo anali otchuka. Akabaza ankayamba aima pa beseni lawo asanakanyamule anthu, ndipo eni akewo sankachoka pamoto osalawako. Tiyi wawo ankathira shuga wochuluka moti tinkawaseka kuti akumwa uchi.

Kenaka kuphazi kwawo kunabuka chilonda chosapola. Kuchipatala anawayeza magazi n'kuwapeza ndi matenda a shuga. Mankhwala anawapatsa, koma namwino anawauza mosabisa kuti zotsekemera ndi zamafuta azisiye, apo ayi phazilo lidzadulidwa. Ine ndinali pabanja ku Chonde. Nditamva, ndinapita kukakhala nawo, cholinga ndiwaletse geniyo.

Anakana. "Ndikasiya ndizidya chiyani, mwana wanga? Dothi?"

M'mawa mwake ndikusesa pabwalo, ndinamva akukalipira munthu kukhitchini, ndi mawu omwe aja ankatidzudzula nawo tili ana. Ndinasuzumira. Anali okha, atakhala pafupi ndi chiwaya, mandasi akufiira m'mafuta.

"Iwe dzanja, ukupita kuti? Amenewo si ako, ndi a anthu. Bwerera."

Dzanjalo ndinaliona ndi maso angawa. Linali litafika kale pamwamba pa beseni, zala zitatambasuka. Linaima m'malere, kenaka linabwerera pantchafu. Fungo la mandasi linali litadzaza khitchini yonse, moti ine wosadwalane malovu anali atadzaza m'kamwa.

"Amayi, mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi mwini matendayu," anatero osandiyang'ana. "Akapanda kuuzidwa samva."

Zinkatero tsiku lililonse. Akamamwa tiyi wopanda shuga ankati, "Meza, mayi iwe, masamba ake unkathyola wekha, lero uwamve kukoma kwake." Chilakolako chikakula ankasinthira ku Chilomwe cha makolo awo, chimene ine ndimangotolako mawu apa ndi apo. Amayi ena pamsika anayamba kunong'onezana kuti matenda awafika kumutu. Iwo sanasamale.

Si kuti sankagwa. Tsiku lina ndinawapeza akutafuna, mafuta ali pamilomo. Ndisanatsegule pakamwa ndinamva akuti, "Wadya, taona tonse. Basi. Lachiwiri ayi." Anavundikira beseni ndi nsalu, nalisenza, ulendo wa kumsika. Sanadzitukwane, sanalire.

Chimene sindidzaiwala ndi ukwati wa mchimwene wanga wamng'ono, umene unachitikira kwawo kwa mkazi, ku Milonde. Kunatentha tsiku limenelo. Amayi anawakhazika kutsogolo monga make mkwati, ndipo asebele awo, mayi a mkwatibwi, anabwera okha, nagwada, n'kuwapatsa botolo la chakumwa chozizira ndi mbale ya keke. Anthu onse maso anali pamenepo. Kukana chopatsidwa ndi asebele pagulu ndi chipongwe, ndipo amayi anali asanalaweko chotsekemera miyezi yambiri.

Analandira ndi manja awiri. Botolo linali litatsegulidwa kale, likuchita thukuta. Ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ngakhale zoimbira zinkasokosa ndinamva akunong'ona.

"Ulemu walandira. Ulemu suli m'botolomu. Ukufuna kudzavina pa ukwati wa zidzukulu ndi mapazi ako onse kapena ayi? Yankha."

Anayang'anitsitsa botololo ngati akudikiradi yankho. Botolo linakwera pang'ono, mtima wanga n'kukwera nalo, kenaka linatsika. Anatembenukira kwa asebele awo akumwetulira.

"Asebele, mwandilemekeza. Koma thupi langali lili ndi malamulo ake. Mundipatseko madzi, ndimwe ndi mtima wonse."

Asebelewo anawayang'ana kanthawi, kenaka anadzuka n'kukatunga madziwo okha. Pobwera anakhala pansi pafupi ndi amayi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mumatha bwanji? Bambo a kunyumba kwanga matenda awo ndi omwewa, koma tikangotembenuka ali m'chitini cha shuga."

"Musamawalondere," anatero amayi. "Mlonda amagona. Auzeni azidzilankhula okha, mokweza, khutu lizimva."

Mayi amene ndinabwera kudzawalondera, amene sanapite patali ndi sukulu, anali ndi mphamvu imene sindinkaidziwa m'zaka zonse ndinakula pamsana pawo.

Chilonda chinapola mvula isanagwe. Nditatsala pang'ono kubwerera ku Chonde, anandiuza kuti tikaone anzawo akale a ku esiteti. Tinadzera njira ya m'minda ya tiyi, phiri lili patsogolo pathu, mitambo itakhala pakati pake. Pachitunda ine ndinayamba kupuma wefuwefu. Amayi anali patsogolo, chitenje atachikweza pang'ono, akuponda mwamphamvu. Atafika pamwamba anatembenuka.

"Fulumira, iwe! Dzuwa likutipeza."