Nsomba yopanda mutu

Dzulo m'sitolo ndinatsegula firiji ya nsomba, ndipo kafungo ka mchere kanandibweza ku Ndirande, m'masiku a chipani chimodzi.

Bambo anga ankagwira ntchito m'chipinda chozizira cha sitolo ina m'tauni. Tsiku lina anabwera ndi nsomba yaitali, yoyera mnofu, yodula kale mutu. Amayi anaikazinga, nagawirako anzawo oyandikana nawo. Mbale zinabwerera osakhudza. Kumpopi kunamveka zoti kwathu timadyetsa anthu njoka, ndipo anzanga anasiya kundiitana ku fulaye.

Bambo atamva sanakalipe. Loweruka anabwera ndi mutu wa nsombayo ataukulunga m'nyuzi, nauika pa benchi pakhomo. Anthu anaunjikana. Maso a nsombayo anali ngati mabatani a jasi, kukamwa kuli mano osongoka ngati singano.

"Iyi ndi sitokofishi," anatero bambo. "Ndinkaivuula ndi manja angawa ndili pa sitima ya pamadzi ku Kepitauni. Imakhala pansi penipeni pa nyanja ya mchere, kosafika dzuwa. Kukada imakwera kudzasaka tinsomba, ngakhale ana ake omwe siyiwasiya."

Kenako anatembenukira kwa mayi amene anayambitsa mphekeserayo. "Amayi, tagwirani apa. Njoka ili ndi zipsepse?"

Mayiwo anagwira, nanunkhiza chala.

"Nanga mutuwu muchita nawo chiyani?" anafunsa motsitsa mawu. "Ungakome ndi tomato."

Bambo anaunyamula nauika m'manja mwanga, uli zii kuzizira.

"Pemphani mwana wangayu," anatero. "Mwini wake ndi ameneyu."