Pamsana pa Alongo Anga

Kwathu mwana si wa bambo ake, ndi wa amalume ake. Mwambo umenewu tinabwera nawo kuchokera ku Katete pamene tinasamukira cha ku Sandwe, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwira. Mwana akadwala, iwe mayi sunkaloledwa kupita naye kuchipatala mwini mbumba asanavomere. Mwini mbumba wathu anali alongo anga, ndipo m'zaka za Chitaganya zija iwo anali kunkhondo ku Malaya.

Chikuku chitalowa m'mudzi chinagwira ana anga awiri aakulu. Ndinagwada pamaso pa akuluakulu, ndinalira mpaka mawu kusasa, koma yankho linali lomwelo: "Mwini wake kulibe. Akakafela kwa azungu, ise tizayankha chani?" Amuna anga, poti anali mkamwini, anangozolika ngati agwidwa ndi nkhuku yakuba. Ana onse awiri tinawaika dzinja limodzi.

Alongo anabwerako ndi nsapato zazikulu ndi chipewa chopinda mbali imodzi. Ataona timanda tiwirito sanathe kukhala m'mudzi. Anapita ku Nyimba kukanyamula matumba pamsewu, ndipo mowa unakhala chakudya chawo. Za kunkhondo anandiuzapo chinthu chimodzi chokha. Akuti anabereka msilikali wina wa ku Australia, mnyamata wamba, mwana wa mlimi, atalasidwa pamimba m'nkhalango yosakata mvula. Chipewa chija chinali chake.

"Anafela pamsana panga," anatero. "Munthu akafa umamva. Amalemela, ndipo kampweya kofunda ka pakhosi apa kamaleka."

Ndinatsala ndi mwana mmodzi, wamkazi, wongosiya kumene bere. Nayenso anayamba kutentha thupi ndi kubanika, ndipo akuluakulu aja, opanda manyazi, anabwereza mawu awo omwe aja. Ndinathamangitsa amuna anga pa njinga kukawatenga alongo. Masiku odikirawo ndinkangomvetsera chifuwa cha mwana chikulira ngati chitseko chakale. Ndinkapemphera, kenako ndinkatukwana, kenako kupempheranso. Ndinali ndi mantha oti sindinakhale nawonso.

Alongo anafika m'mawa, maso ali psuu, akununkha mowa wadzana. Anthu anayala mphasa kuti nkhani ikambidwe mwadongosolo, koma iwo sanakhale n'komwe.

"Munali kudikila ine? Ine ndine mankhwala?" anakalipa. "Mlongo, bweletsa nsalu."

Anamubereka okha, mwamuna wamkulu, anthu akuyang'ana. Mvula inali itadula msewu, lole osadutsa, njinga nayo matope anaikana. Tinauyamba wapansi kulowera kuchipatala cha mishoni ku Minga, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chigubu cha madzi, maso anga ali pa timapazi ta mwana.

Titawoloka kamtsinje kena dzuwa lili pamutu, anaima. Anakweza nsalu, naimanganso mfundo. Kenako anavula chipewa chija, chimene sankalola munthu kuchikhudza, namuveka mwana kumutu.

"Ndimupatse madzi?" ndinafunsa.

"Wagona. Usamuutse."

"Mwalema, alongo. Ndimupapeko ine."

"Iyayi. Tiye."

Kuchokera pamenepo anayamba kulankhula, munthu amene pakamwa pake panali potseka chibwerere. Anandisimbira za sitima ya pamadzi, za mpunga umene unawakola, za momwe ndinkawabera mbatata tili ana. Ine chitsiru ndinaseka. Ndinaona kuti akuyenda chowerama kuposa kale, koma ndinati ndi matope ndi mowa. Ndinawauza kuti mwana akachira ndidzamusokera diresi ya pa Khirisimasi, iwo n'kuvomera kuti ikhale yofiira.

Tinafika ku Minga dzuwa litapendeka. Sisitere wina anatithamangira, namasula nsalu, nachotsa chipewa. Anamugwira pachipumi, pakhosi, kenako anandiyang'ana. Mwana anali atazizira kale, manja ataumira momwe anagwirira malaya a amalume ake.

Ndinawamenya alongo pachifuwa ndi manja onse awiri, iwo osatchinga.

"Munadziwa liti?"

"Pamtsinje paja."

"Nanga munandiyendetselanji mtunda wonse uja? Munandisekeselanji?"

Anatola chipewa pansi.

"Awili aja anafela m'mudzi, kudikila ine," anatero. "Uyu ndinafuna afike."