Kusaka mphoyo ndi adada ku Manyamula

Tinanyamuka pa Mzimba kukungocha, ine, adada ndi galu wobwereka kwa mlamu wanga. Adada anali atakulunga uta ndi mivi m'chitenje. Wa matola anayang'ana mtolowo osafunsa kanthu, koma galuyo anamulipiritsa ngati munthu, chikhalirecho anandikhalira pamiyendo njira yonse.

Ulendowu anaupempha okha adada atangotuluka m'chipatala. Ankafuna kukasaka mphoyo kudambo lomwe ankasakako ali mnyamata. Ine wokulira ku Lilongwe, mphoyo ndinali ndisanaionepo.

"Imafanana ndi mbuzi?" ndinawafunsa fumbi likutilowa m'kamwa.

"Mbuzi? Iwe mwana, ukundichititsa manyazi chomene."

Pa Manyamula tinamwa tiyi ndi zitumbuwa, kenako tinaitana akabaza awiri.

"Tikusiyeni kuti, dada?" anafunsa mmodzi.

"Kudambo la mphoyo."

Anyamatawo anayang'anizana. Adada analoza kumadzulo, kenako anatembenuza mkono n'kuloza kumwera. Tinakwera choncho, galu akuthamanga pambuyo.

Anatitsitsa pamtengo wa mango dzuwa litakwera. Kulikonse kumene ndinaponya maso kunali minda yokololedwa, zitsa za fodya, nyumba za malata, ndi chigayo chikulira chapatali.

"Pano udzu unkafika m'khosi," anatero adada.

Tinayenda. Iwo amati mtsinje uli kumanzere, tinakaupeza kumanja, wouma. Mayi wina pamjigo anatifotokozera njira m'Chitumbuka chothamanga, akuloza uku ndi uku ndi chidebe. Ine ndinangotolapo "yayi" basi. Nditafunsa adada kuti wati chiyani, anangoti, "Ndi wobwera ameneyu, sakudziwa."

Pofika masana adada anayamba kutsalira m'mbuyo. Kawiri konse anandiitana dzina la mkulu wawo, yemwe anamwalira ine ndisanabadwe. Mantha anandigwira. Sindinadziwe ngati tasochera ndife, kapena asochera ndi adada m'mutu mwawo, kapena dambo lenilenilo ndi minda yomwe timapondayi.

"Adada, ndapota, tibwerere," ndinawachonderera.

Asanayankhe, galu anauwa cha ku kankhalango kowirira pakati pa minda. Munatuluka kanyama kotuwa, kamiyendo yowonda, n'kuima chilili kakutiyang'ana.

"Mphoyo!" ndinanong'ona.

"Ndi gwape ameneyo."

Ndinamasula chitenje mwachangu n'kuwapatsa uta. Sanaulandire. Poganiza kuti manja awo afooka, ndinakoleka muvi ndekha, mosadziwa n'komwe kagwiridwe kake.

"Leka! Maso ulibe? Ndi kumanda uko."

Pamenepo m'pamene ndinaona mitanda pakati pa mitengo. Dera lonselo, tchire linatsala pokhapo. Adada anavula chipewa, ndipo gwape analowanso mkati mosafulumira.

Tinapeza galimoto yomaliza yobwerera ku boma. Adada anagona paphewa panga mpaka kufika. Kunyumba amama anatichingamira pakhomo, akuyang'ana manja athu.

"Nanga nyama?"

"Ilipo," anatero adada. "Taisiya kwa eni ake."

M'mawa mwake ndinawafunsa ngati paja tinafikadi kudambo lawo. Anati mbwenu tinafika. Madzulo ake ndinawamva akuuza mlamu wanga kuti tinabwerera panjira, dambolo lili patsogolo pang'ono. Sindinawatsutse. Gwape tsopano ndimamudziwa, koma mphoyo sindinaionebe.