Zimene sindinawauze apongozi

Apongozi anga aamuna ankavutika kutaya madzi, ndiye ndinawakweza panjinga mpaka kuchipatala. Dokotala ananditengera pambali nati, "Mapilitsiwa sachedwa kugwira. Akamwa, asatalikirane ndi chimbudzi."

Koma mkamwini angatchule bwanji chimbudzi pamaso pa apongozi? Ndinangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Akuti muzimwa musanadye, bambo."

M'mawa mwake anamwa n'kupita kumsonkhano wa chipani pa Bangula. Masiku amenewo tcheyamani akamalankhula munthu sunkadzuka, ayufi, anyamata oopsa a chipani aja, ankakhala ataima kumbuyo. Apongozi anali pamzere wakutsogolo, ndipo tcheyamaniyo sankadziwa kumaliza.

Anabwera kunyumba atamanga jekete m'chiuno.

"Dokotala uja ngwosasamala," anatero. "Osandichenjeza n'komwe."

"Zoonadi, bambo," ndinayankha.

Mpaka lero akamamudandaula dokotalayo, ine ndimathandizira kupukusa mutu.