Diresi Lokana Kutseka Zipi

Mayi Telala asoka madiresi a ukwati kwa zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzimodzi, khoma limodzi ndi wometa tsitsi. Makina awo ndi opalasa ndi mwendo, ndipo mukawauza za amagetsi amakuyang'anani ngati mwawatukwana. Lamlungu sagwira singano, olo mugwade. Kumpingo ndiwo amatsogolera amayi.

Kale akwati ankabwera ndi azakhali awo, maso ali pansi. Masiku ano amabwera okha, foni m'manja, n'kuonetsa chithunzi cha diresi lopanda msana.

"Mwanawe, osokawo nsalu inawathera?" amafunsa mayiwo. "Ndikusokera, koma mapewa tiphimba. Ukukagwadira Mulungu, osati wojambula."

Amakangana, amaseka, mapeto ake mtsikana amatuluka ndi diresi loposa la pafoni lija.

Koma ntchitoyi ili ndi katundu wake. Woyeza chiuno cha munthu kawiri amadziwa zimene ngakhale abale sanamve. Chaka chatha kunabwera mtsikana wa m'kwaya, wogulitsa m'sitolo ya mankhwala, wopanda bambo ndi mayi. Atabweranso kudzayesa diresi patatha mwezi, zipi inakana. Anakoka, anabisa mpweya, koma ayi ndithu. Kenako anangokhala pampando n'kuyamba kulira.

Onse awiri ankalidziwa lamulo la mpingo wawo: woyembekezera samangitsa ukwati m'tchalitchi, koma mu ofesi ya abusa. Maukwati a mu ofesiwo ankachitika mwakachetechete, anthu anayi basi, ngati akubisa katundu wakuba.

"Mayi, ingomasulani pang'ono," anachonderera mtsikanayo. "Palibe adziwe. Masiku ano aliyense akutero."

"Kumasula ndimasula, nsalu ndinasiya m'kati," anayankha Mayi Telala. "Koma sindikufuna ukalumbire mtima ukugunda ngati wa mbala. Tiye kwa abusa ukanene wekha. Ine ndikakhala pambali pako."

Mtsikana anatuluka osatsanzika. Mayiwo zinawapweteka zedi, chifukwa mwanayo ankamukonda.

M'mawa mwake kunatulukira mlamu wawo, mkulu wa mpingo, ati kudzasoketsa batani. Batani lake liti! Anali atamva mphekesera.

"Alamu, inu mumayeza anthu," anayamba motsitsa mawu. "Mwana wa m'kwaya uja ali bwinobwino?"

"Batani lanu ndi ili," anatero mayiwo. "Miyezo ya anthu anga sindiuza munthu. Kapena ndiyambe ndi yanu Lamlungu lino? Mimba imeneyo yathetsa mabatani angati chaka chino?"

Wometa tsitsi anaseka kuseri kwa khoma mpaka kutsamwa. Mkulu wa mpingo anatenga malaya ake n'kuona msewu.

Tsiku lachitatu mtsikana anabwerera, ali ndi mwamuna wodzamukwatira, dalaivala wa lole wamanyazi. Atatuwo anapita kwa abusa. Abusa anamvetsera, anawapempherera, n'kunena zimene ankayembekezera: ukwati ukhala wa mu ofesi. Ali panjira mtsikana anati, "Ndiye kuti ndikwatiwa ngati ndilibe anthu."

Mawu amenewa anawavutitsa Mayi Telala. Pamsonkhano wa amayi anaimirira n'kuti, "Lamulo likuti mu ofesi, ndipo sindikulitsutsa. Koma ndawerenga kawiri konse, palibe pamene likuti akhale yekha. Mwana wanena zoona, ife timuthawe? Ndiye mawa adzanena zoona ndani?"

Ena anang'ung'udza. Mlamu uja anatumiza uthenga kwa Mayi Telala woti akapitiriza, mpando wa utsogoleri achokapo. "Autenge," anayankha. "Ine wokhalira ndili nawo, uli pamakina."

Loweruka la ukwatilo kunabwera amayi oposa makumi atatu. Mu ofesi munali desiki, kabati ya mabuku ndi mipando iwiri, moti ambiri anadzaza pakhonde, ena mitu pawindo, nyimbo ili pakamwa. Abusa anachita kulowa cham'mbali. Mkwati anaima m'diresi lake lomasulidwa bwino lomwe.

Nyimbo itatha, abusa anatsegula buku nafunsa monga amafunsira pa ukwati uliwonse: "Kholo la mwanayu lili pano?"

Amayi a pawindo anayang'ana pansi. Mtsikana anatembenuka, anafufuza m'khamumo mpaka anagwira dzanja la Mayi Telala, n'kuwakokera kutsogolo.

"Ndi awa, abusa."